Kusaka mafuta ku Dorset, pamwamba pa Wytch Farm

Lolemba

Ndafika ku Wareham madzulo ano pa sitima yochokera ku London Waterloo, ulendo wa maola awiri ndi kanthu, ndapeza alamu anga akundidikira pasiteshoni ndi kagalimoto kawo. Iwowa akhala ku Poole zaka zambiri ndithu koma nditawauza chomwe ndabwerera anangoti kukamwa yasa, amvekere "alamu, mafuta ake ati? Kuno kuli anthu a maholide ndi nkhalamba zopuma pantchito basi." Ndawauza kuti mafutawo mwina amawadutsa pamwamba tsiku lililonse akamapita kuntchito, sanakhulupirire, ati ndawerenga zambiri.

Koma zoona zake ndi zimenezo. Wytch Farm ndi malo okumba mafuta apamtunda aakulu kuposa ena onse ku Western Europe konse, ndipo ali pompano, kummwera kwa doko la Poole Harbour, m'dera lomwe amalitcha Isle of Purbeck ngakhale si chilumba chenicheni. Anawapeza mu 1973, anayamba kupopa mu 1979, mpaka lero akupopabe. Anthu tikamva za mafuta a ku Britain timangoganiza za North Sea, zija zam'nyanja zokwera helikopita, pomwe kuno ng'ombe zikudya msipu pamwamba pa migolo mamiliyoni.

Tagona ku Corfe Castle, kamudzi ka nyumba zamiyala komwe kali m'munsi mwa chinyumba chakale chachitetezo chomwe asilikali a Parliament anachiphwasula mu 1646, makoma ake anangopendekeka choncho mpaka pano. Dzuwa lisanalowe tinakwera kaphiri ka pambali pake kuti tione mbali ya kumpoto chakummawa komwe mapu akuti kuli fakitale yosonkhanitsira mafuta, makilomita ochepa chabe. Abale, palibe chomwe ndaona. Mitengo ya paini, tchire lofiirira, madzi a Poole Harbour kutsogoloko akunyezimira, basi. Chumuni ayi, moto woyaka m'mwamba ayi. Alamu akungondiyang'ana ndi diso lija loti ndinanena ine.

Lachiwiri

Lero ndiye tayenda wapansi mpaka miyendo kuchita kulemera. Tinayambira ku Norden, pafupi ndi siteshoni ya sitima yamalasha yopita ku Swanage, nkulowa m'nkhalango ya Rempstone potsata njira ya anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Chinthu choyamba chomwe chimakuuza kuti kuno kuli kanthu ndi msewu: watara wabwino, wotakasuka, pakati pa nkhalango pomwe palibe mudzi woti nkufuna msewu wotero. Kenako timitengo tachitsulo tokhala ndi tizikwangwani tochenjeza kuti pansi apa padutsa paipi musakumbe. Kenako phokoso lapansipansi losalekeza, loti ukamayankhula sulimva koma ukangokhala chete umalimva. Tinatsata mpanda wawaya nkusuzumira pakati pa mitengo, ndiye pamenepo alamu anakhala chete: mapaipi, mathanki, zitsulo zonse zopakidwa utoto wofanana ndi makungwa a mitengo, ndipo palibe chotalika kuposa mitengo yozungulira. Anachita kupanga dala. Dera lino ndi lotetezedwa kwambiri chifukwa cha tchire lake, mbalame ndi abuluzi osowa, ndiye chilolezo chomanga chinabwera ndi malamulo ambirimbiri a utali, mtundu ndi kuwala kwa magetsi usiku.

Tili chikhalire pachipika kudya masangweji alamu anafunsa funso lomwe ndi limene linandibweretsa kuno: "Ndiye mwini malo ano ndi wolemera koopsa eti?" Ayi ndithu, osati chifukwa cha mafutawo. Ku Britain kuno lamulo la mu 1934 linanena kuti mafuta onse omwe ali pansi panthaka ndi a Crown, kutanthauza boma, kaya pamwambapo ndi munda wa agogo ako. Boma ndi lomwe limapereka laisensi ku kampani kuti ifufuze ndi kupopa, masiku ano kudzera ku bungwe la North Sea Transition Authority, lomwe ngakhale dzina lake likunena za nyanja limayang'anansonso zitsime zapamtunda ku England. Mwini nthaka amangolandira lendi ya pomwe pakhala mpanda ndi pomwe padutsa msewu kapena paipi. Ku America nkosiyana, kumene kuja mlimi wa ku Texas atha kukhala mwini wa zapansi nkumalandira gawo lake pa mgolo uliwonse.

Pali mlandu wina womwe umandisangalatsa pankhani imeneyi. Mohamed Al-Fayed, yemwe anali mwini sitolo ya Harrods uja, anali ndi esiteti ku Oxted, ku Surrey, ndiye kampani ina yamafuta inaboola chopendekeka kuchokera pamalo oyandikana mpaka mapaipi kulowa pansi pa malo ake osamupempha. Anakasuma, khoti loyamba linamupatsa 9% ya ndalama za mafutawo, koma atachita apilo zinatembenuka ndipo mu 2010 Supreme Court inati inde analowa m'malo mwanu popanda chilolezo, koma mafutawo si anu, chipepeso chake ndi mapaundi 1,000. Munthu wa ndalama ngati ameneyo kupatsidwa 1,000 kkkk. Alamu anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Ndiye ukafunsa kuti Wytch Farm ndi ya ndani, uyenera unene kaye kuti ukufunsa za nthaka, za mafuta ali pansi, kapena za laisensi, chifukwa eni ake ndi osiyana. Za laisensizo ndi zomwe zakhala zikusintha manja. Omwe anapeza mafutawa mu 1973 anali British Gas, nthawi imeneyo ili kampani yaboma, itagawana theka ndi theka ndi BP. Boma la Margaret Thatcher litabwera linati kampani yaboma ya gasi ilibe chochita ndi mafuta, gulitsani. A British Gas anakokakoka miyendo zaka zingapo koma mu 1984 theka lawo linapita ku kagulu ka makampani asanu ang'onoang'ono a ku Britain, mwa iwo Premier, Tricentrol ndi Carless, ndipo BP inatenga chiwongolero. Ine pamenepa ndimaona kuti boma linagulitsa ng'ombe isanayambe kukamidwa bwino, chifukwa zaka zonona zonse zinabwera pambuyo pake.

Lachitatu

Kimmeridge. Kamsewu kopita kunyanja ndi ka esiteti ndiye umalipira pageti, ukatsika umaona gombe la miyala yakuda yosanjikizana ngati anachita kuyala, ndipo pamwamba pa phompho kumadzulo kwake pali kampanda. M'katimo muli pampu imodzi yokha, ija yokhala ndi mutu wogwedezeka, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mosapupuluma. Chitsime chimenechi chinabooledwa mu 1959 ndipo pampu yakhala ikugwedeza mutu kuchokera mu 1961, palibe china ku Britain chomwe chapopa nthawi yaitali chonchi osalekeza. Ndinaima pawaya nthawi ndithu. Imalira pang'ono ikamafika pamwamba, kachitsulo kowala kamalowa ndi kutuluka pansi, pambali pali mathanki, ndipo kafungo kake ukakhala kumene kukupita mphepo umakamva. Palibe munthu. Anthu oyenda ndi agalu awo amangodutsa osacheuka nkomwe.

Pachimake chinkatulutsa migolo 350 patsiku, masiku ano sichifika ndi 100 yomwe, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Kulibe paipi kuno, thanki yagalimoto imabwera kudzatenga nkukasiya ku Wytch Farm. Chosangalatsa nchoti chitsimechi chatulutsa mafuta ambiri kuposa omwe akatswiri ankaganiza kuti angakwane m'mwala womwe chikupopamo, ndiye amaganiza kuti mwina ena akumabwera kuchokera pansi kwambiri kudzera m'ming'alu.

Miyala yakuda yapagombeyo nayo ili ndi mafuta ake, anthu akale akuno ankaitola nkumasonkhera moto m'malo mwa malasha ngakhale imanunkha zedi ikamayaka. Mwala wa mtundu womwewu, womwe unatenga dzina la mudzi uno, ndi umene unabala mafuta ambiri a ku North Sea komwe unakwiririka mozama nkupsa bwino. Koma kuno kwawo sunapse, ndiye mafuta omwe pampu ija ikukoka sachokera m'menemo ayi, amachokera m'miyala ina yakale kwambiri ya pansi pake yotchedwa Lias. Alamu anati ndiye kuti mwalawu uli ndi ulemu kunja kuposa kwawo.

Masana tinalowa mu Etches Collection, nyumba yosungira zamoyo zakale zosanduka miyala yomwe inatsegulidwa mu 2016. Steve Etches anali pulambala wamba, amangotola zinthuzi pagombe pomwepa zaka zambirimbiri mpaka zinakwana myuziyamu. Muli chimutu chotalika pafupifupi mamita awiri cha chilombo cham'nyanja, mano ake ngati zikhomo. Mafuta sanachokere ku zilombo zikuluzikuluzi monga ena amanenera, anachokera ku tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe tinkafa nkumagwera pansi pa nyanja yomweyo, m'matope mopanda mpweya.

Lachinayi

Mvula m'mawa wonse. Itakata tinathamangira kumadzulo ku West Bay, pafupi ndi Bridport, chifukwa ndimafuna kugwira ndi dzanja mwala womwe umasunga mafutawo. Miyala ya m'mbali mwa nyanja ino inapendekera kummawa, ndiye womwe ku Wytch Farm uli pansi mamita ngati 900, kuno uli poyera, chiphompho chachikasu chotalika kuyang'ana kunyanja. Zikwangwani zili ponseponse kuti musayandikire chifukwa chimagumuka osachenjeza, ndiye ndinangotola kachidutswa komwe kanagwa kale kufupi ndi madzi. Ukakapekesa ndi chala timchenga tosalala timatsalira pakhungu. Ndinadonthezapo madzi a m'botolo, anangolowa nkusowa, kusiya banga lakuda.

Nkhani yonse ya mafuta a mtundu uwu ili pamenepo. Pansi palibe dziwe kapena phanga lodzaza mafuta ayi, mafuta amakhala m'timipata ta pakati pa mchenga, ndipo chifukwa timipatato ndi tolumikizana amatha kuyenda okha kupita kuchitsime. Chofunika ndi mwala wina wothina pamwamba pake woti asathawe, ndi mng'alu kapena kupindika kwa miyala kowatsekera m'mbali. Nzosiyana ndi zija za fracking zomwe amachita kuswa mwala wothina ndi madzi amphamvu, zomwe boma linaimitsa ku England mu 2019 nthaka itagwedezeka ku Lancashire.

Mwala wa Bridport ndi umene anayamba kupeza, ndipo akanalekera pomwepo Wytch Farm ikanakhala kamalo kakang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaboola kupitirira nkupeza wina wokhuthala kwambiri pa mamita ngati 1,600, wotchedwa Sherwood, ndipo mafuta ambiri pa migolo pafupifupi 500 miliyoni yomwe amati ingatuluke kuno ali m'menemo. Umenewo umaonekera ku Devon chaku Sidmouth, wofiira, koma alamu anati petulo wawo si wa Crown, tibwerere.

Lachisanu

Boti kuchokera ku Poole Quay kupita pachilumba cha Brownsea. Anthu onse m'botimo amapita kukaona agologolo ofiira ndi pomwe Baden-Powell anachitira msasa woyamba wa ma Scout mu 1907, ine ndekha ndimapita kukasuzumira chilumba cha eni ake. Ukafika kugombe lakummwera kwa Brownsea, Furzey ili pafupi pomwepo, kachilumba kodzaza mitengo ya paini, ndipo pakati pa mitengoyo pali zitsime zambirimbiri zamafuta. Ndinakhala pamchenga ndi mabainokula a alamu, chomwe ndinaona ndi pokocheza boti, kaboti kantchito, ndi mitengo. Agologolo ofiira aliponso pa Furzey pomwepo, akukhala limodzi ndi zitsimezo.

Kuseri kwake kuli kamtunda kolowa m'madzi kotchedwa Goathorn, ndipo pamenepo ndi pomwe panachitika zomwe anthu a ntchito yoboola padziko lonse amaidziwira Wytch Farm. Zitadziwika kuti mwala wa Sherwood ukupitirira kummawa pansi pa nyanja, kutsogolo kwa Bournemouth, BP inkafuna kumanga chilumba chochita kupanga mu Poole Bay kuti iziboolerapo. Tangoganizani, pamaso pa magombe omwe tauni yonse imadyerapo ndalama za alendo. Anthu anakana, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anasiya maganizowo nkusankha kuboola ali pamtunda: chitsime chimatsika pang'ono kenako nkukhota nkumayenda chogona mpaka kukafika komwe kuli mafuta. Pofika 1998 ndi 1999 anali ndi zitsime zofika makilomita opitirira 10 chammbali, zomwe panthawiyo zinali zotalika kuposa zina zonse padziko. Ndiye munthu akusambira ku Sandbanks, pansi pake kilomita imodzi ndi theka pali paipi yomwe yayambira kutsidya kwa doko. Zinawatsikiranso mtengo kuposa chilumba chija, ndiye musaganize kuti unali chifundo chokha pa mbalame.

Zitsime zimenezi ndi zomwe zinakweza Wytch Farm kufika pachimake mu 1997, migolo 110,000 patsiku. Kuchokera pamenepo kwakhala kuli kutsika kokhakokha monga zimakhalira ndi malo aliwonse amafuta, lero sakufika ndi 20,000. Ndipo chomwe chimatuluka m'chitsime chokalamba chonchi si mafuta okhaokha, gawo lalikulu ndi madzi amchere. Fakitale ya m'nkhalango ija ntchito yake yaikulu ndi kulekanitsa madzi, gasi ndi mafuta, madziwo nkuwabwezeranso pansi kuti azikankha mafuta otsala. Mafuta amapita pa paipi ya makilomita ngati 90 mpaka ku Hamble, pafupi ndi Southampton, komwe amakwezedwa m'sitima zapamadzi.

Pobwerera ndinacheza ndi bambo wina wachikulire yemwe ali ndi kaboti kake m'dokoli, ndipo nditangotchula mafuta nkhope inasintha. Iye amakumbukira za pa 26 Malichi 2023 pomwe paipi inabooka ku Ower Bay nkutayira m'madzi migolo pafupifupi 200, ambiri mwa iwo madzi aja koma gawo lina mafuta. Akuluakulu analengeza kuti ndi ngozi yaikulu, anthu analetsedwa kusambira kwa masiku angapo, ndipo ogwira nkhono anaimitsidwa kugulitsa. Migolo 200 pa malo omwe atulutsa mamiliyoni mazanamazana ikuoneka yochepa, koma Poole Harbour ndi yosaya, khomo lake ndi lopapatiza, ndipo matope ake ndi komwe mbalame zikwizikwi zimadyera. Anthu ambiri a ku Poole tsiku limenelo ndi lomwe anadziwira kuti ali ndi zitsime pakhomo. Alamu akuti anamva pawailesi koma ankaganiza kuti ndi sitima yadontha.

Loweruka

Tawoloka pa pantoni yamatcheni kuchokera ku Sandbanks kupita ku Studland, mphindi zochepa chabe, nkuyenda mpaka ku Old Harry Rocks, miyala yoyera yoima m'nyanja. Ukaima pamenepo Poole Bay yonse ili pamaso pako, maboti amatanga, Bournemouth uko, Isle of Wight chapatali. Chilumba cha BP chija chikanakhala penapake m'madzi amenewa.

Dzina lomwe lili pazikwangwani zonse zomwe taona sabata ino si BP, ndi Perenco. Mu 2010 chitsime cha BP chinaphulika ku Gulf of Mexico, kampaniyo inafunika ndalama zankhaninkhani zolipira, ndiye inayamba kugulitsa katundu m'maiko osiyanasiyana. Mu 2011 gawo lake la Wytch Farm linagulitsidwa ku Perenco pamtengo wofika madola 610 miliyoni. Mu 2017 Premier, yomwe inalipo kuyambira nthawi ya Thatcher ija, nayo inagulitsa gawo lake, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, pa madola 200 miliyoni, ndipo linatheranso m'manja mwa Perenco, moti pano pafupifupi zonse ndi zawo. Perenco si kampani yoti ungagule masheya ake pamsika, ndi ya banja la Perrodo la ku France, anaiyambitsa Hubert Perrodo mu 1975, ndipo luso lawo ndi lomweli, kugula malo okalamba omwe makampani akuluakulu atopa nawo. Ku Gabon, ku Cameroon, ku Congo, ku Muanda m'dziko la DRC, amachita zomwezo. BP inadya nsima, awa akukokota mphika, koma poti alibe maofesi ambirimbiri odyetsa ndipo amadziwa kuchepetsa ndalama zoyendetsera ntchito, zokokotazo zimawakwanira bwino lomwe.

Alamu anafunsa kuti nanga boma, mwini mafuta uja, limapezapo chiyani poti linagulitsa gawo lake. Limapeza pamsonkho. Kale kunali kagawo kolipira pa mgolo uliwonse koma anakathetsa mu 2003, pano amadula pa phindu, ndipo chiwonjezereni msonkho wapadera mu 2022 mitengo itakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, yonse pamodzi inafika 78% kumapeto kwa 2024. Zikumveka zambiri, koma ndi 78% ya phindu la malo omwe akutulutsa kachigawo kakang'ono ka zomwe ankatulutsa mu 1997, ndipo kampani imayamba yachotsera zomwe yawononga. Khonsolo ya Dorset gawo lake lalikulu ndi kupereka kapena kukana chilolezo cha malo, ndipo mu 2013 inavomera kuti apitirize mpaka 2037.

Chomwe chikundivuta mutu ine ndi cha pambuyo pa 2037. Zitsime zonsezo ziyenera kudzatsekedwa ndi simenti chimodzichimodzi, mapaipi kuchotsedwa kapena kutsukidwa, Furzey ndi Goathorn kubwezeretsedwa tchire, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri yobwera nthawi yomwe mafuta ogulitsa atha. Lamulo limati ndi udindo wa mwini laisensi, koma gawo lina la ndalamazo kampani imalichotsera pamsonkho, kutanthauza kuti alamu anga omwe, amene Lolemba samadziwa kuti kuli mafuta, adzasonkhako. Nditawauza choncho anati ndiye mawa tikadzuke molawirira ndikakusiyeni kusiteshoni musanandipezere ngongole ina. Sitima yanga ndi ya m'mawa, ndipo Lamulungu zimayenda mwa apo ndi apo, ndiye ndikalongedze.